Chilumba tinachiutsa, nanga anthu ali kuti?

Loweruka lina m'mwezi wa Novembala, cha m'ma 9 koloko usiku, kapenguin kanga kobiriwira kanali chiimire pakati pa Town, bwalo la pachilumba cha gemu ya Club Penguin, kutsogolo kwa Coffee Shop. Ine mwini ndinali pampando m'chipinda changa ku Nottingham, nditafunda bulangete kumiyendo. Pa seva yonse tinalipo anthu asanu ndi mmodzi, atatu mwa ife oyang'anira. Kenako panatulukira penguin wachilendo wopanda chovala ngakhale chimodzi, chizindikiro choti akauntiyo yangotsegulidwa kumene. Ife oyang'anira timatha kuona chipinda chimene munthu walowa, ndiye ndinamulondola. Analowa mu Coffee Shop, anakwera m'mwamba, anatsika, anapita ku Dock, ku Iceberg, kenako ku Pizza Parlor. Kumeneko anaima nthawi yaitali osasuntha. Ndikhulupirira ankamvetsera kanyimbo ka m'chipindamo, poti nanenso tsiku langa loyamba ndinaima malo omwewo mpaka m'maso munalengeza misozi. Atabwerera ku Town analemba funso limodzi, kufunsa kuti anthu onse ali kuti. Ndili mkati molemba yankho, iye anali atatuluka kale. Anakhala nafe mphindi khumi ndi imodzi, ndipo akauntiyo sinalowenso.

Kwa amene simunaidziwe, Club Penguin inali gemu ya ana ya pa intaneti imene inatsegulidwa mu Okutobala 2005 ndi kakampani kakang'ono ka mumzinda wa Kelowna ku Canada. Mwana aliyense ankasanduka penguin, mbalame ija yosauluka ya kumalo ozizira, n'kumayendayenda pa chilumba cha chipale. Ankacheza ndi ana a m'maiko ena, kusewera timagemu topezera makobidi, kugula zovala, kukongoletsa kanyumba kake ka ayezi ndi kuweta tinyama taubweya totchedwa puffle. Mu 2007 kampani ya Disney inaigula pa mtengo wa madola 350 miliyoni, ndipo pofika 2013 maakaunti anali atapitirira 200 miliyoni.

Ine ndinafika ku England mu 2006 ndili ndi zaka khumi, kutsatira amayi omwe anali atatsogola kudzagwira ntchito ya unamwino, monga ankachitira anamwino ambiri a kwathu zaka zimenezo. Chingerezi changa cha ku pulayimale ku Lilongwe chinali chokwana kulembera mayeso, koma pabwalo la sukulu ana akayamba kuyankhula mothamanga, ine ndinkangoti duu. Amayi akagwira ntchito ya usiku ankagona masana, ndiye ine ndinkapita ku laibulale kumene ankapereka ola limodzi pa kompyuta. Pa chilumba paja palibe ankamva kalankhulidwe kanga. Ndinkalemba pang'onopang'ono, ndi chala chimodzi, ndipo anzanga ankadikira.

Tsiku lina ndinakwera masitepe a mu Coffee Shop kulowa m'chipinda cha mabuku, ndinapeza timatebulo ta Mancala. Nditaona maenje ndi timiyala, mtima unagunda: bawo! Inali bawo yochepetsedwa, mizere iwiri ya maenje asanu ndi limodzi m'malo mwa mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu imene ndinkaonerera agogo aamuna akusewera pansi pa mtengo wa mango ku Ntcheu, ndipo malamulo ake anali osavuta. Komabe kutola timiyala n'kumaponya kamodzikamodzi, kuwerengera mumtima kumene komaliza kakagwere, zonsezo ndinali nditaziona kwa agogo. Kwa nthawi yoyamba chifikire m'dzikoli ndinali ndi kanthu kamene ndinkakadziwa kuposa ana a kuno. Panali penguin wina wofiira amene ndinkamudya pafupifupi nthawi zonse, koma sankanyanyala, ankangopempha kuti tibwereze. Tinazolowera kukumana Lachitatu lililonse 4 koloko madzulo. Dzina lake lenileni, dziko lake, kaya anali mnyamata kapena mtsikana, sindinazidziwe mpaka lero. Ameneyo ndiye anali mnzanga woyamba ku England.

Club Penguin inatsekedwa kumapeto kwa Malichi 2017. Isanatsekedwe n'komwe, okonda gemuyi anali atayamba kale kuutsa zilumba zawozawo, ndipo m'pofunika kumvetsa momwe zimenezi zimathekera chifukwa vuto limene ndikukambali limayambira pomwepo. Gemu yotere ili ndi mbali ziwiri. Zithunzi za zipinda, nyimbo ndi zovala zimatsitsidwa pa kompyuta ya wosewera, ndipo anthu ambiri anali atazisunga. Mbali inayo ndi seva, imene imakumbukira kuti uje ali chipinda chakuti, ali ndi makobidi angati, wanena chiyani kwa ndani. Imeneyo imatsala m'manja mwa eni kampani, choncho okonda gemu amailemba yatsopano potsanzira mauthenga amene ankadutsa pakati pa kompyuta ndi seva yakale. Kwa Club Penguin mapulogalamu otere alipo aulere pa intaneti, moti munthu wodziwa kompyuta pang'ono atha kudzutsa chilumba chake m'masiku ochepa. Pulogalamu ya Flash imene gemuyi inkadalira itasiya kuthandizidwa kumapeto kwa 2020 kunali kovuta kwa kanthawi, koma anthu anapeza njira zina. Zotsatira zake n'zoti zilumba zinachuluka, chilichonse chili ndi Town yakeyake, Coffee Shop yakeyake, ndipo khamu limene kale linali limodzi linamwazikana. Seva imene ndimathandizira ine ndi imodzi mwa zing'onozing'ono zimenezi. Dzina lake sinditchula, ndipo chifukwa chake muchiona patsogolopa.

Mu 2014 ndinapita kumudzi ndi amayi, ndipo agogo aakazi ananditenga kukaona bwinja la kumene anakulira, tsidya lina la mtsinje. Mitengo ya mango inali ikadalipo. Pamene panali nyumba pankaoneka ndi kukwera kwa dothi, ndipo m'udzu munali mapale. Agogo ankaloza: apa panali nkhokwe, apa ndi pamene tinkasinjira, apo pankakhala aphiri aja. Nkhope yawo inawala. Koma sitinakhalepo ngakhale theka la ola. Anangoti, "Tiyeni tizipita mdzukulu wanga, kuno kulibe anthu." Mawu amenewa anandibwerera usiku uja wa Novembala. Mlendo wathu uja anachita ndendende zimene anachita agogo: anazungulira malo onse amene ankawakumbukira, anaima pamene mtima unamugwira, ndipo ataona kuti kulibe anthu anabwerera.

Kupukwa ndi chinthu champhamvu, ndipo ine sindikupeputsa. Ndiko kumachititsa munthu wa zaka 28, wotopa ndi ntchito, kulemba dzina la gemu ya ubwana wake mu Google pakati pa usiku. Ife a maseva oterewa sitilipira khobidi pokopa munthu ameneyu, kupukwa kumatibweretsera yekha mpaka pakhomo. Koma ndaona mobwerezabwereza kuti kumathera pakhomo pomwepo. Pali chinanso chimene chimafulumizitsa kutha kwake. Pa Club Penguin yeniyeni zovala zambiri, mipando ya m'nyumba ndi mitundu yambiri ya puffle zinali za olipira pamwezi. Ine sindinalipirepo, ndalama za amayi zinali ndi njira zambiri, kuphatikizapo fizi ya abale kumudzi. Ndinkangosirira anzanga ovala bwino, ndipo kusirirako kunkandibweretsa tsiku ndi tsiku. Pa maseva a okonda gemu zonsezi n'zaulere. Munthu wamkulu amafika, madzulo amodzi n'kugula zonse zimene ankazilota ali mwana, n'kuvala, n'kudziyang'ana. Kenako amazindikira kuti palibe womuona. Chovala chija chinali chokoma chifukwa panali ana zikwizikwi oti achisirire.

Zitsanzo za magemu ena zimandithandiza kuganiza. Seva ya Nostalrius, imene gulu lina la ku France linatsegula mu 2015 kuti anthu azisewera World of Warcraft momwe inaliri pachiyambi, inali ndi maakaunti pafupifupi 800,000, ndipo osewera okhazikika anali pafupifupi 150,000 pamene inatsekedwa mu Epulo 2016 eni gemu, a Blizzard, atalowererapo ndi maloya. Anthu ambiri amati chimene chinakopa khamu lonselo ndi kupukwa, ndipo n'zoona kuti ndiko kunawabweretsa. Koma World of Warcraft yakale inapangidwa mwanjira yoti munthu sangafike patali yekha. Kuti mugonjetse zilombo zikuluzikulu munkafunika kusonkhana anthu 40, aliyense ndi ntchito yake, pa nthawi imene mwagwirizana. Ukajomba, anzako 39 ankadziwa. Munthu amabwerera kumene akumudikira. Patapita chaka ndi theka Blizzard inalengeza kuti iutsa yokha gemu yakaleyo, ndipo World of Warcraft Classic itatsegulidwa mu Ogasiti 2019 anthu ankadikira maola pamzere kuti alowe.

Chitsanzo chimene ndimachisirira kwambiri ndi Toontown. Disney inatseka Toontown Online pa 19 Sepitembala 2013, patatha zaka khumi, tsiku lomwelo limene inatsekanso Pirates of the Caribbean Online ndi Pixie Hollow. Gulu la achinyamata linayamba nthawi yomweyo kuiutsa, ndipo Toontown Rewritten ilipobe mpaka pano, itakhala moyo nthawi yaitali kuposa gemu imene inalowa m'malo mwake. Nayonso ndi gemu yofuna anzako: polanda nyumba kwa maloboti ovala masuti otchedwa Cogs mumalowa mpaka anayi, polimbana ndi mabwana awo mumatha kukhala asanu ndi atatu. Salandira ndalama kwa osewera, ngakhale zachifundo. Amachititsa misonkhano yokumana maso ndi maso ku America yotchedwa ToonFest. Ndipo sanangosunga zakale, anapitiriza kumanga. Kumapeto kwa 2021 anatulutsa Field Offices zawozawo, nyumba za Cogs zovuta kwambiri, zopangira anthu amene anakula akusewera gemuyi ndipo tsopano akufuna chowayesa mphamvu.

Apa ndi pamene ine ndinasintha maganizo, ndipo sizinali zophweka. Nditayamba kuthandiza pa seva yathu ndinali m'gulu la okana chosintha chilichonse. Ndinkafuna chilumba cha 2008, chipinda cha mabuku chili pamalo pake, tebulo la Mancala lili pamene ndinalisiya. Wina akabwera ndi ganizo la chipinda chatsopano ndinkamva ngati akufuna kugwetsa mtengo wa mango wa agogo. Chimene chinanditsegula maso ndi mbiri ya Old School RuneScape. Imeneyi siyoyendetsedwa ndi okonda gemu, ndi ya eni ake a Jagex a ku Cambridge, koma inabadwa chifukwa cha kulira kwa osewera. Mu Febuluwale 2013 kampaniyi inatsegulanso RuneScape momwe inaliri mu Ogasiti 2007, anthu pafupifupi 450,000 atavota kuti akuifuna. Poyamba kunali khamu, koma m'miyezi yotsatira chiwerengero chinatsika kwambiri, poti gemu yoima malo amodzi imatopetsa ngakhale amene anaililira. Chinaipulumutsa ndi chakuti anayamba kuwonjezera zatsopano, koma chilichonse chinkayamba chadutsa pa voti ya osewera, ndipo chinkafunika kuvomerezedwa ndi anthu 75 pa 100 alionse. Lero Old School ili ndi osewera ambiri kuposa RuneScape yatsopano.

Nditaganizira bwino ndinaona kuti chilumba cha 2008 chimene ndinkachiteteza sichinaimepo malo amodzi. Mwezi uliwonse kunkakhala phwando, zipinda zikukongoletsedwa mwatsopano. Nyuzipepala ya pachilumba inkatuluka sabata iliyonse. Rockhopper, penguin woyenda panyanja, ankabwera ndi sitima yake ya Migrator, ndipo ana tinkapita kukasuzumira pa telesikopu kuti tione ngati kadontho kaoneka panyanja. Dojo, nyumba ya maninja, ndi gemu yake ya makadi ya Card-Jitsu zinabwera kumapeto kwa 2008 ine ndikuona. Tinkaunjikana mbali imodzi ya Iceberg, phiri la ayezi loyandama panyanja, titavala zipewa za kumgodi, tikubowola, pokhulupirira mphekesera yoti tikachuluka lipendekeka, ndipo linadzapendekekadi pa phwando lotsanzikana kumayambiriro kwa 2017. Chimene ndinkachikonda chinali kusadziwa chimene chibwere Lachisanu. Pofuna kuumitsa chilumba momwe chinaliri, ndinkachotsa chinthu chenichenicho chimene chinkandisangalatsa.

Ndiye wina anganene kuti ngati vuto ndi kuchepa kwa anthu, lengezani, itanani anthu pa TikTok ndi pa YouTube. Koma walira mvula walira matope. Zithunzi, nyimbo ndi mayina onsewa ali ndi eni ake, ndipo seva ngati yathu ilipo chifukwa eni akewo sanatione kapena asankha kuyang'ana kumbali. Club Penguin Rewritten inatsegulidwa mu Febuluwale 2017 ndipo inakula kuposa zonse, makamaka mu 2020 anthu atatsekeredwa m'nyumba ndi mliri wa Covid-19, mpaka maakaunti anapitirira 10 miliyoni. Pa 13 Epulo 2022 olowa pa tsamba lake anangopeza chidziwitso cha apolisi a City of London, nthambi yoona milandu ya umwini wa ntchito zaluso, ndipo anthu atatu anamangidwa. Usiku umenewo m'gulu lathu la oyang'anira munali zii. Aliyense ankadzifunsa ngati ayenera kupitiriza. Kuyambira pamenepo timakhala pakati pa mantha awiri: tikakhala chete chilumba chimauma, tikafuula kwambiri tidzutsa amene angathe kuchitseka ndi kalata imodzi.

Osewera a City of Heroes anasankha njira ya chete. Gemuyo inatsekedwa ndi eni ake, a NCSoft, pa 30 Novembala 2012, ndipo mu Epulo 2019 zinaululika kuti kagulu kena kanali kakuyendetsa seva yachinsinsi kwa zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi, kulowa mwa kuitanidwa basi. Anthu ambiri anapsa mtima, ndipo ine ndimawamvetsa, poti anali atalira maliro a dziko lawo zaka zonsezo pamene ena ankakhalamo mobisa. Komanso ndimawamvetsa obisawo, chifukwa akanalengeza mu 2013 mwina sipakanatsala kanthu. Chinsinsi chitaululika pulogalamuyo inafalikira, maseva anatseguka, ndipo mu Januwale 2024 NCSoft inapereka chilolezo chovomerezeka kwa gulu la Homecoming. A Project 1999, amene amasunga EverQuest yakale, nawonso anagwirizana ndi eni gemu, a Daybreak, mu 2015. Chilolezo chotere chimachotsa funso limene mlendo aliyense amakhala nalo mumtima ngakhale salinena: kodi ndikamanga kanyumba kanga pano, ndikapeza anzanga pano, mawa ndidzapeza chilumbachi chilipo? Anthu amenewa analandidwapo kale kamodzi, ena kawiri kapena katatu. Safulumira kuikapo mtima.

Pali nkhani ina yolemera kuposa zonsezi, ndipo sindingaidumphe. Ambiri amene amabwera ndi akuluakulu opukwa ubwana, koma chilumba cha mapenguin chimakopabe ana. Club Penguin yeniyeni inali ndi antchito olipidwa oyang'anira macheza, zosefera mawu, ndi maseva ena amene mwana sankatha kulemba mawu akeake koma kungosankha pa mndandanda wa ziganizo zokonzedwa kale. Seva ya okonda gemu ili ndi anthu ongodzipereka, ogona nthawi zosiyanasiyana. Mu Meyi 2020 a BBC anafufuza seva ina yotchedwa Club Penguin Online n'kupeza kuti ana ankakumana ndi mauthenga olaula ndi atsankho, ndipo inatsekedwa mwezi womwewo. Club Penguin Rewritten nayo inaberedwa zinsinsi za maakaunti oposa 4 miliyoni mu Julayi 2019. Choncho wina m'gulu lathu akanena kuti tikope anthu ambiri, funso langa loyamba limakhala lakuti adzayang'anire ndani 3 koloko m'bandakucha. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndimalola kuti tikhale ochepa kusiyana ndi kuti tidzaze zipinda zimene sitingathe kuziyang'anira, ndipo pa ichi sindisuntha.

Titakambirana za mlendo wa mphindi khumi ndi imodzi uja, tinasintha zinthu zingapo, zonse zazing'ono. Tinali ndi maseva anayi pa mndandanda, mayina ake otengera akale aja, chifukwa ankaoneka bwino ndipo ankakumbutsa kale. Koma anthu khumi ndi awiri ukawagawa panayi aliyense amapeza bwinja. Tinatsala ndi imodzi. Zinandipweteka kuchotsa dzina la seva imene ndinkalowa ndili mwana, koma ndinavomera. Tinalembanso pa tsamba lolowera, ndi zilembo zazikulu, kuti timakumana Lachitatu ndi Loweruka kuyambira 8 koloko usiku nthawi ya ku Britain, kuti wobwera nthawi ina asaganize kuti chilumba chinafa. Nthawi ya Lachitatu ndinaipempha ine.

Chachikulu chinali khalidwe lathu ife eni. Tinazindikira kuti oyang'anira tinkakhala chiimire mu Town ngati alonda, macheza athu enieni tikuchitira pa Discord, pulogalamu yochezerana ya kunja kwa gemu, kumene mlendo sangawaone. Iye ankaona mapenguin atatu osayankhula, osasuntha. Pagule fumbi ndiwe mwini. Tinagwirizana kuti pa nthawi yokumana ija macheza onse azichitikira pachilumba, ndipo penguin wosavala akangotulukira, wina amupatse moni asanathe masekondi khumi, amufunse chaka chimene ankasewera ndi malo amene ankawakonda, kenako amuitanire ku Sled Racing kapena Find Four, gemu iliyonse yofuna anthu awiri. Funso la chaka lija limagwira ntchito modabwitsa. Munthu amene akanangozungulira n'kutuluka amayamba kufotokoza za puffle wake wabuluu amene anathawa chifukwa sanamudyetse, za mchimwene wake amene ankagawana naye akaunti, ndipo wina m'chipindamo amayankha kuti nayenso zinamuchitikira. Kupukwa kumene munthu anabwera nako yekha kumapeza mnzake. Ambiri amapitabe osabwerera, mlendo ndi mame, ndipo ndaphunzira kusawerengera aliyense wopita ngati kulephera kwathu. Ena amangofuna kudzaona malo kamodzi ngati agogo anga, ndipo ndi bwino kuti malowo alipo oti awaone. Koma ena ochepa amatsala.

Mwana wa mchemwali wanga ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, anabadwira konkuno, ndipo gemu yake ndi Roblox. Iye alibe chopukwa pa chilumbachi. Loweruka lina atabwera kudzagona kwathu ndinamukhazika pafupi nane, pa akaunti yanga, ine ndikuona chilichonse cholembedwa. Poyamba sanachite nacho chidwi. "Amalume, ndiye basi amangoyenda chonchi?" Ndinamuuza kuti adikire. Ndinamutengera m'chipinda cha mabuku n'kumuonetsa Mancala, ndikumufotokozera kuti agogo a amayi ake ankasewera yaikulu kuposa iyi pansi pa mango, yogoba pathabwa. Anaphunzira msanga. Atasewera kawiri ndi mmodzi wa oyang'anira anzanga, m'chipindamo munalowa penguin wachikasu wosavala kanthu, n'kuima pakona.

"Amalume, uyo bwanji alibe malaya?"

"Wangofika kumene, iwe. Sakudziwa aliyense."

"Ndiye timuitane."

Ndinalemba moni ndi funso lathu lija. Panapita kanthawi, kenako anayankha kuti ankasewera mu 2009 ali ku Philippines, pa kompyuta ya msuweni wake, ndipo m'chipinda chimenechi ndi mmene ankathera nthawi yake yambiri chifukwa Mancala inkamukumbutsa gemu ya kwawo yotchedwa sungka. Ndinakhala kaye chete, manja ali pa kiyibodi. Mwanayo anandigwedeza phewa kuti ndimuuze munthuyo akhale pa tebulo. Anasewera katatu, wachikasu uja anapambana kawiri, ndipo mwana wa mchemwali wanga anapempha kuti abwereze. Nthawi yogona itakwana, munthuyo anafunsa ngati timapezeka masiku onse, ndipo ndinamuuza za Lachitatu ndi Loweruka. Anati kumene akukhala tsopano nthawi imeneyo imakhala mbandakucha, koma ayesetsa.

Lachitatu lotsatira ndinakwera masitepe a Coffee Shop 8 koloko itangokwana. Ndinapeza wachikasu uja atakhala kale pa tebulo la kumanzere, atavala kachipewa kofiira, mpando winawo uli wopanda munthu.